Mgolo ukabooka mu Juni: werengani mtengo wonse musanagule wina

Mlamu wanga ali ndi tiyirumu pa Nathenje, pafupi ndi msewu wa M1, ndipo kuseri kwake anamangako zipinda 6 zogona alendo. Pambali pa bafa pali boyila yachikale ija imene ambiri mumaidziwa: mgolo wa malita 200 wogonekedwa pa njerwa, pansi pake posonkhera nkhuni, paipi n'kulowera kubafa. Akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'maesiteti amaitchula kuti Rhodesian boiler. M'mawa wina mu Juni chaka chatha, mnyamata wosonkha moto anapeza phulusa lili chinyowere. Mgolo unali utabooka kunsi.

Madzulo ake foni inalira. "Alamu, tandibwerekeniko pang'ono, ndibweza mwezi ukatha."

"Kodi alamu, mgolowo unayamba liti kudontha?"

"Aaa, kuyambira nthawi ya mvula ija, koma timangomata ndi phula."

Miyezi inayi akumata ndi phula, osasunga ngakhale K100 ya mgolo wina. Panapita masiku 8 kuti boyila iyakenso. Masiku amenewo anali a chisanu chenicheni, komanso ndi pomwe ogula soya ndi mtedza anali mbwee pamsika. Alendo awiri amene ankagona pamenepo sabata iliyonse anasamukira kwina ndipo mpaka lero sanabwerere. Ndalama ya mgolo alamu anaibweza. Alendo ajawo ndiye anapitiratu.

Nkhani yanga lero ndi imodzi. Chinthu chotenthetsera chikatha, kaya ndi mbaula ya m'nyumba, ya pachiwaya, kapena mgolo wa madzi osamba, ndalama imene mumapereka kwa wogulitsa ndi kagawo kakang'ono chabe ka mtengo wake. Ambirife timalimbana ndi wokhoma mbaula kuti atichotsere K500, kenaka n'kumataya K500 yomweyo masiku awiri aliwonse pa makala, osadandaula.

Kunja kuno nkhaniyi ndi yaikulu. Abale athu amene ali ku Britain amadziwa kuti boyila ya gasi yotenthetsa nyumba ikafa m'nyengo yozizira, banja limatulutsa mapaundi masauzande. Ku England ndi ku Wales boma limafika popereka thandizo la mapaundi 7,500 kwa amene akuchotsa boyila n'kuika makina amagetsi otchedwa heat pump. Amene ali ku Johannesburg nawonso amadziwa mkangano umene umabuka ndi mwini nyumba giza ikaphulika kudenga. Ife kuno kwathu boyila yathu ndi mbaula, mafuwa ndi mgolo, poti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amadalira nkhuni ndi makala. Ndalama zake n'zochepa tikayerekeza ndi za ku Britain, koma kwa munthu wa geni ya mandasi pa Mitundu, mbaula ikaphwasuka m'mawa wa tsiku la msika, ululu wake ndi womwewo.

Tiyeni tiwerenge mtengowu bwinobwino. Uli pa malo anayi.

Poyamba pali mtengo wa chinthucho. Uwu aliyense amauona.

Kachiwiri pali ndalama yochifikitsa ndi kuchiika pamalo. Mgolo suuluka wokha kuchokera ku tauni. Pali thiransipoti yanu, ya katundu pa minibasi kapena pa kabaza, wowotcherera woti aike timapaipi, mmisiri woti aphwasule njerwa n'kumanganso, mchenga, dothi kapena simenti, ndiponso mpopi watsopano chifukwa wakale umakhala utagwirana ndi dzimbiri. Kwa alamu anga, zonsezi pamodzi zinaposa mtengo wa mgolo weniweniwo. Mukamafunsa mtengo kwa mmisiri, muuzeni atchule ndalama ya ntchito yonse mpaka madzi otentha atuluke pampopi. Akangotchula za mgolo wokha, dziwani kuti zina zikubwera m'mbuyo.

Kachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, pali chimene chinthucho chidzadye tsiku ndi tsiku. Mbaula ili ngati ng'ombe ya pangolo. Mumagula kamodzi, koma imadya masiku onse.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikemo mitengo ya pamsika panu lero. Mbaula yamalata okhaokha ikugulidwa K5,000 ndipo pa geni yanu imadya makala a K1,500 patsiku. Ina yokhala ndi dothi lowotcha m'kati ikugulidwa K15,000 koma imadya makala a K1,100. Kusiyana kwa pogula ndi K10,000. Kusiyana kwa patsiku ndi K400. Ndiye kuti pakatha masiku 25 ogulitsa, K10,000 ija yabwerera. Ngati mumagulitsa masiku 26 pamwezi, pa miyezi 6 mwapulumutsa K62,400. Amene anagula ya K5,000 anapita kunyumba akusangalala kuti watchipitsa, koma ndi iyeyo amene walipira zambiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Lata limataya kutentha mbali zonse, n'chifukwa chake miyendo yanu imapsa mukakhala pafupi pomwe poto akuchedwa kuwira. Dothi lowotcha limasunga kutentha n'kukukankhira kumwamba kumene kuli poto. Komanso kachitseko ka pansi kakakhala kotsekeka, mumatha kuchepetsa mphepo nyemba zikayamba kubwata, makala osanyeka pachabe. Mbaula yopanda kachitseko ili ngati mpopi wosatseka.

Musangokhulupirira mawu anga kapena a wogulitsa. Yesani nokha. Tengani chitini chimodzi ngati muyeso, muwerenge zitini za makala zimene mbaula yanu imadya pa masiku 7. Bwerekani ya mnzanu ya mtundu wina, muwerengenso masiku 7, mukuphika zomwezo. Lembani kuseri kwa kope la ngongole. Manambala amenewo ndi amene akuuzeni choti mugule.

Pa mgolo wa madzi nkhani ndi yomweyo. Maboyila ambiri amene ndawaona m'midzi ndi m'misika ya kuno ali ndi khomo la moto lalikulu ngati la nkhokwe, mgolo uli patali ndi malawi, pamwamba pake pali poyera. Mphepo ya mwera ikamawomba mu Julayi, theka la moto limatenthetsa bwalo. Mukamamanganso, khomo la moto lichepe, malawi azinyambita mimba ya mgolo asanatulukire kuchumuni, chumuni ikhale kumapeto kwina osati pamwamba pa moto penipeni, ndipo mgolo wonse ukutidwe ndi njerwa ndi dothi. Madzi otenthetsedwa madzulo mu mgolo wokutidwa bwino amafika m'mawa adakali ofunda, ndiye m'mawa mumangosonkhezera pang'ono. Njerwa 100 zowonjezera mumagula kamodzi. Mtolo wa nkhuni mumagula tsiku lililonse.

Ndipo nkhuni ndi makala sizidzatsikanso mtengo. Amene anakulira ku Mitundu akukumbukira mmene Dzalanyama inalili yowirira. Lero okwera njinga za makala amayenda mtunda wautali kuposa kale. Nkhalango imeneyi ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe amamwetsa mzinda wonse. N'chifukwa chake boma linafika potumizako asilikali kukalondera. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chiphaso amalandidwa pamsewu, wonyamula n'kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Thumba lililonse lolandidwa limakweza mtengo wa limene lafika pamsika. Mvula ikayamba mtengo umakweranso chifukwa uvuni savuta kunyowa ndipo misewu ya kunkhalango imaterera. Munthu wogula chotenthetsera lero aganizire mtengo wa makala wa zaka ziwiri zikubwerazi.

Kachinayi pali masiku amene geni imaima. Uwu ndi mtengo umene sulembedwa pa lisiti iliyonse. Kuno kwathu chisanu chimafika nthawi imodzi ndi ndalama. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti alimi akugulitsa soya, mtedza, chimanga ndi fodya, misika ya Mitundu ndi Nathenje yadzaza, tiyi akuyenda, chipisi chikuyenda, zipinda zogona zikudzaza. Nthawi yomweyi ndi pamene mbaula ndi migolo zimagwira ntchito kwambiri, ndiye ndi pamene zimafa. Tsiku limodzi lotseka mu Juni limaposa masiku atatu otseka mu Febuluwale. Komanso kasitomala wa tiyi sadikira. Akapeza ketulo yanu yazizira kawiri, kachitatu amakhala pa benchi ya mnzanu.

Munthu wothamangitsidwa ndi vuto sagula bwino. Amatenga mgolo woyamba umene waupeza, mmisiri woyamba amene wayankha foni, ndalama yoyamba imene wapatsidwa, ngakhale ikhale ya katapila yobweza ndi theka pamwamba. Mukaphatikiza chiwongoladzanja chimenecho pa mtengo wa mgolo, mupeza kuti mwagula mgolo umodzi pa mtengo wa iwiri.

Ndikudziwa chimene ena munene, chifukwa alamu anga ananenanso chomwecho. "Zolemba m'nyuzipepala n'zosavuta. Mpamba wanga wonse ndi wa ufa ndi mafuta ophikira, ndiye K15,000 ya mbaula ndiitenga kuti?" Mawu amenewa ndi oona ndipo sindikuwapeputsa. Munthu amene ali ndi K5,000 yokha m'thumba, mbaula yaphwasuka lero, agule ya K5,000 yomweyo kuti geni isaime. Kulakwa sikuli pa tsiku limenelo. Kulakwa kuli pa miyezi isanu yotsatira, pamene akudziwa kuti nayonso idzatha koma sakuika kanthu pambali.

Chinthu chilichonse chokhudzana ndi moto chili ndi masiku ake. Mbaula yamalata yogwira ntchito tsiku lililonse imadyeka pansi pa makala. Mgolo umadyedwa ndi moto kunja, dzimbiri m'kati. Palibe chodabwitsa apa. Ndiye tengani mtengo wonse wosinthira, mugawe ndi masiku amene chinthucho chimakhala. Tiyerekezenso: ntchito yonse ya boyila ikukwana K120,000 ndipo mgolo umakhala zaka ziwiri. Ndi K5,000 pamwezi, yosakwana K200 patsiku. Ndalama imeneyi si phindu lanu. Ndi ya mgolo, monga mmene ya chiphaso cha msika ilili ya khonsolo. Iikeni payokha, kaya ku banki m'khonde, kaya ku chipereganyu, kaya mu foni pa nambala imene simugulirapo mayunitsi. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Koma pali chenjezo. Kwacha yosungidwa imasungunuka. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo chitsulo, mapaipi ndi mipopi, zomwe zimachokera kunja, zinakwera nthawi yomweyo. Choncho ndalama ikakwana kugula chidutswa chimodzi, gulani chidutswacho. Mwezi uno mpopi, mwezi wamawa paipi, kenaka mgolo wapadera n'kuuimika pouma, pamwamba pa njerwa. Mgolo wosungidwa m'nyumba sugwetsedwa ndi Reserve Bank. Ndipo nthawi yabwino yosinthira ndi Marichi kapena Epulo, amisiri asanatanganidwe, chisanu chisanafike, wakale adakagwirabe ntchito. Mukatero geni imaima theka la tsiku basi.

Tsopano tione zimene zilipo zoti musankhe.

Kwa wophikira nkhuni kunyumba kapena wophika thobwa ndi nyemba zogulitsa, Chitetezo Mbaula, ija youmbidwa ndi dothi n'kuwotchedwa, ndi yotsika mtengo kuposa zonse ndipo imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa. Imalandiranso zitsononkho, mapesi ndi timitengo ta nandolo, zomwe m'dera lino zimangotayidwa nthawi yokolola. Boma linadziikira mlingo wa mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020, n'chifukwa chake magulu oumba mbaulazi anafalikira m'maboma ambiri. Pogula igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira ngati mphika wabwino, yosapsa imangoti phu. Kuipa kwake n'kwakuti ikagwa imasweka, ndiye si yoyenda nayo panjinga kuchoka msika uno kupita msika wina. Kwa ophika miphika ikuluikulu, kaoneni mmene zimamangidwira mbaula za m'sukulu zophika phala, zija mphika umalowa m'kati moto n'kuuzungulira.

Kwa wa makala, ya dothi m'kati ndi yabwino kuposa yamalata okhaokha. Yang'anani kukhuthala kwa lata, mabowo a pansi ngati ali ofanana, kachitseko ngati kakutsekeka, ndi timiyendo togwira poto ngati tili tolimba. Funsaninso ngati wokhomayo amagulitsa dothi la m'kati palokha, chifukwa nthawi zambiri ndi limene limayamba kusweka, chikhokhombe chake chidakali bwino.

Giza yamagetsi imakopa chifukwa ilibe utsi, koma iwerengereni. Kutenthetsa malita 150 kuchokera pa madzi ozizira kufika potentha bwino kumadya mayunitsi pafupifupi 7, nthawi iliyonse mukadzaza. Chulukitsani ndi mtengo wa yunitsi, pokumbukira kuti mita ya bizinesi ili ndi mtengo wosiyana ndi wa panyumba. Onjezani waya wokhuthala, wamagetsi wodziwa ntchito, pulambala, ndi thanki yapamwamba ngati madzi anu ndi a pamjigo kapena pachitsime. Kumbukiraninso 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene anaphwasula boyila ya nkhuni ataika giza anasambitsa alendo madzi ozizira. Mukaika giza, mgolo musauchotse.

Giza yoyendera dzuwa ndi yodula pogula koma sidya kanthu tsiku ndi tsiku, ndipo kwa mwini malo ogona alendo amene ali ndi thanki kale ndi yoyenera kuiganizira. Dziwani chabe kuti masiku a mitambo a mu Juni ndi Julayi, pamene alendo amafunitsitsa madzi otentha, ndi pamene imafooka. Gasi nayenso ndi wachangu pa tiyi ndi mazira, koma funsani kaye kumene muzikadzazitsa silinda ndi ndalama ya ulendowo musanagule.

Pogula mgolo, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto watsopano umabisa dzimbiri. Tsegulani, walitsani tochi m'kati, nunkhizani, gogodani kunsi ndi m'mphepete mwa msoko. Funsani chimene munali. Dera lathu ndi la fodya ndi mbewu zamasamba, ndipo migolo ina inasungapo mankhwala ophera tizilombo. Umenewo musausambitsire munthu ngakhale autsuke katatu. Umene munali petulo, dizilo kapena thinala usayandikire moto wa wowotcherera usanatsukidwe n'kudzazidwa madzi, chifukwa mpweya wotsalira m'kati umaphulika. Ndipo boyila iliyonse ikhale ndi paipi yotulutsira nthunzi yoloza kumwamba, yosatsekedwa ndi kalikonse. Mgolo wotsekedwa paliponse uli pamoto ndi bomba. Mmisiri akakuuzani kuti paipi imeneyo n'njosafunika, mulipireni ya thiransipoti abwerere kwawo.

Kuti mgolo ukhalitse, osasonkha moto muli mopanda madzi, chotsani phulusa lonyowa pansi pake, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo tsanulani madzi onse kuti matope ndi zoyera zija zimene madzi a m'mijigo ina amasiya zituluke. Zikaunjikana pansi, moto umawotcha chitsulo m'malo motenthetsa madzi.

Chomaliza n'chokhudza moyo. Usiku wa chisanu, alonda a m'misika, anyamata ogona m'mashopu ndi amayi a ana akhanda amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zenera. Makala akamanyeka mopanda mphepo yokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka amagona osadzukanso. Chaka ndi chaka timamva za maliro otere kuno ngakhale ku South Africa. Mbaula yodula kapena yotchipa, zonse zimapha mofanana. Othani moto zenera lili lotsegula, ndipo musanagone itulutseni panja. Ngati muli ndi mlonda, mugulireni jekete ndi bulangete. N'zotchipa kuposa bokosi.

Alamu anga chaka chino anasintha. Pashelefu ya tiyirumu pali kachitini ka mkaka kobooledwa pamwamba, ndipo madzulo aliwonse akamawerenga za tsikulo amaponyamo kenakake asanawerenge phindu. Boyila anaimanganso ndi khomo laling'ono, anaikuta ndi dothi, ndipo akuti ngolo ya nkhuni imene inkatha sabata zitatu tsopano ikudutsa mwezi. Kuseri kwa sitolo kuli mgolo wina waima pa njerwa, ukudikira tsiku lake.

Inu mukaweruka lero, tembenuzani mbaula yanu muione kunsi. Ngati kuwala kukudutsa pamene sipayenera kukhala bowo, yambani kuponya m'chitini usiku womwe uno.